Kuchepa kwa magazi

Mayi wa ku Migowi kapena kwa Nkhulambe akauzidwa kuchipatala cha Holy Family kuti mwana wake wachepa magazi, amaganiza kuti magaziwo aphwera m'thupi. Koma mawuwa amanena za himogulobini, chinthu chofiira cha m'magazi chimene chimanyamula mpweya wabwino. Chikachepa, zikhatho zimayera, mkati mwa chikope mumatuwa, mwana amapuma mwabefu ndipo bere amalisiya.

Mawuwa amatchula chooneka, osati gwero lake. Ambiri akangowamva amathamangira mapiritsi a ayironi. Kafukufuku amene Job Calis, Kamija Phiri ndi anzawo anachita ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Chikwawa, wosindikizidwa mu 2008, anaona ana 381 amene himogulobini yawo inali yochepa kwambiri, pansi pa 5, ndipo anapeza kuti kusowa ayironi sindiko kunali gwero lalikulu. Kunali malungo, njoka za m'mimba, mabakiteriya m'magazi, HIV, ndi kusowa mavitamini A ndi B12. Palinso ana obadwa ndi matenda a sickle cell, amene magazi awo amaphwanyika msanga.

Phiri anapitiriza kufufuza ana othiridwa magazi amene amamwalira atatuluka kale m'chipatala, ndipo mu 2022 bungwe la WHO linalangiza kuti ana ochepa magazi kwambiri azipatsidwa mankhwala oteteza malungo akabwerera kwawo. Kwa ana a m'madambo a Chilwa, kumene udzudzu sutha, ndikanakonda madokotala athu ambiri akanaphunzira kufufuza kotereku.