Mbiri ya Mowa wa Cognac ndi Alimi Ake

Kumadzulo kwa dziko la France kuli mtsinje wotchedwa Charente, umene umayenda pang'onopang'ono nukathira m'nyanja ya Atlantic. M'mbali mwake muli mudzi wa Cognac, ndipo dzina la mudziwo ndilo dzinanso la mowa waukali wopangidwa ndi mphesa za m'dera limenelo. Ife tidziwa kachasu, amene atchezedwa lero namwedwa mawa. Anthu a ku Cognac nawonso amatcheza, koma iwo amatsekera mowa wao m'migolo zaka khumi, makumi atatu, ngakhale makumi asanu, kotero kuti nthawi zina munthu amene anautcheza amamwalira asanaulawe utakhwima.

Poyamba dziko limeneli linatchuka ndi mchere. Amalonda a ku Holland anali kufika ndi zombo kudzagula mcherewo, nagulanso vinyo. Koma vinyo wa ku Charente anali wosalimba, ndipo anali kusasa m'zombo ulendo usanathe. Tsono anayamba kumtcheza pamoto kuti asaonongeke ndi kutinso katundu achepe. Adatchi anautcha mowawo "brandewijn", ndiko kunena vinyo wootcha, ndipo mau akuti "brandy" anachokera pamenepo. M'zaka za m'ma 1600 anthu a ku Charente anazolowera kutcheza kawiri. Anaonanso kuti mowa umene unachedwa m'migolo ya mtengo wa oak podikira zombo unasintha maonekedwe nukoma koposa.

Phindu litaoneka, alendo anafika. Jean Martell, wa ku chisumbu cha Jersey, anayamba malonda ake mu 1715. Rémy Martin, amene anali mlimi wa mphesa wa konko, anayamba mu 1724, ndipo Richard Hennessy, munthu wa ku Ireland amene anakhalapo msilikali wa mfumu ya France, anatsegula nyumba yake mu 1765. Kuyambira pamenepo ntchito inagawika pawiri. Mlimi anali kulima ndi kutcheza. Wamalonda anali kugula mowa kwa alimi ambiri, nausakaniza, naugulitsa kutsidya la nyanja m'dzina la iye mwini. Dzina la mlimi silinalembedwe paliponse, ndipo mtengo anali kuunena ndi wogula. Mu 1838 alimi mazana anapangana nayambitsa chigwirizano chao chogulitsa mowa okha, chimene pambuyo pake chinagwera m'manja mwa banja la Monnet. M'banja lomweli munabadwa Jean Monnet mu 1888, amene akumbukiridwa chifukwa cha ntchito yogwirizanitsa maiko a ku Ulaya.

Tsoka lalikulu linadza m'zaka za m'ma 1870. Kachirombo kakang'ono kotchedwa phylloxera, kochokera ku America, kanalowa m'minda nikayamba kuyamwa mizu ya mipesa. Minda imene inali mahekitala pafupifupi 280,000 inatsala 40,000 okha patapita zaka zosakwana makumi awiri. Amalonda aakulu anapulumuka pakuti anali ndi migolo yodzala m'nkhokwe zao, ndipo mtengo wa mowawo unakwera. Mlimi wamng'ono analibe pothawira. Ambiri anasiya mphesa nayamba kuweta ng'ombe za mkaka.

Mankhwala anapezeka kumene kunachokera nthendayo. Mipesa ya ku America siifa ndi kachiromboka, choncho anthu anayesa kumezanitsa nthambi za mpesa wa ku France pa tsinde la mpesa wa ku America. Koma nthaka ya ku Cognac ndi yoyera, yodzala choko, ndipo mitundu yoyamba imene anayesa inachita chikasu nifota. Mu 1887 boma la France linatuma katswiri wa mbeu, Pierre Viala, kukafuna mpesa wopirira nthaka yotere. Iye anathandizidwa ndi Thomas Munson wa m'mudzi wa Denison ku Texas, amene anamlozera mipesa yakuthengo yomera pa nthaka ya choko. Minda inadzalidwanso, koma mtundu wakale wa mphesa, Folle Blanche, unayamba kuola msanga utamezanitsidwa. M'malo mwake munalowa Ugni Blanc, umene lero wadzaza pafupifupi minda yonse. Ndicho chifukwa chake mowa wotsala wa nyengo ya phylloxera isanafike usungidwa ngati chuma: mphesa zake zinali zina.

Pa nthawi ya kusowako anthu achinyengo anagulitsa mowa wamtundu uliwonse m'dzina la Cognac. Boma linadula malire a dera mu 1909, ndipo malamulo a 1936 ndi 1938 anakhazikitsa kapangidwe kake ndi zigawo zake zisanu ndi chimodzi: Grande Champagne, Petite Champagne, Borderies, Fins Bois, Bons Bois ndi Bois Ordinaires. Owerenga asasokonezeke ndi dzina la Champagne pano, pakuti silikunena vinyo wathovu uja. Litanthauza dziko loyera la choko.

Kapangidwe nkotere. Vinyo wowawasa athiridwa mumphika wamkuwa naphikidwa pamoto, ndipo nthunzi yake ipyola mumpope wopotana wa m'madzi ozizira. Zotuluka poyambazo ziphikidwanso. Apa mpamene luso la wotcheza lioneka, pakuti ayenera kupatula madontho oyamba ndi otsiriza, nasunga apakati okha, amene ukali wao ufika pafupi ndi magawo 70 pa 100. Kutcheza konse kuyenera kutha pofika pa 31 Malichi. Mowa uli woyera ngati madzi polowa mumgolo. Mtengo wa oak wa ku nkhalango za Limousin ndi Tronçais ndiwo uupatsa kufiira ndi fungo. Chaka ndi chaka magawo awiri kapena atatu pa 100 aliwonse auluka kupyola m'matabwa, ndipo eni ake amati limenelo ndi gawo la angelo. Makoma a nkhokwe ada bii ndi nkhungu yakuda imene idya nthunziyo.

Zilembo za pa botolo zinena zaka za mowa wamng'ono koposa mwa yonse yosakanizidwa: VS zaka 2, VSOP zaka 4, ndipo XO zaka 10 kuyambira mu 2018, pamene kale zinali 6. Mowa ukalowa m'botolo suonjezanso kukhwima. Wakale kwambiri amauchotsa mumgolo nauthira m'mabotolo aakulu, amene asungidwa m'chipinda chamdima chotchedwa paradis.

Tsono kulawa kuli bwanji? Wolawa athira pang'ono m'tambula yopapatiza kukamwa, nadikira. Ayamba ndi mphuno, osailowetsa kwambiri, pakuti ukali uphimba fungo. Alawa kadontho, nayamba ndi mowa wamng'ono asanafike ku waukulu. Wa ku Fins Bois ukhwima msanga ndipo ununkhira zipatso. Wa ku Borderies akuti ununkhira maluwa a violet. Wa ku Grande Champagne ndi wouma mutu ukali wamng'ono, koma utatha zaka makumi awiri kapena atatu utulutsa kakomedwe kotchedwa rancio, konga mtedza ndi zipatso zouma, kamene kakhalitsa pakamwa. Nkhokwe yachinyezi ya pafupi ndi mtsinje ipatsa mowa wofewa, youma ipatsa waukali.

Kusiyana kumeneku ndiko kumene nyumba zazikulu zimayesetsa kufafaniza, pakuti wogula wa ku New York kapena ku Shanghai afuna kuti botolo la chaka chino lifanane ndi la chaka chatha. Lamulo liwalolanso kuonjeza shuga pang'ono ndi shuga wootcha wokometsa maonekedwe. Luso lao losakaniza ndi lalikulu ndithu, ndipo sitilinyoza. Koma amene afuna kudziwa kukoma kwa munda umodzi ayenera kupita kwa mlimi wotcheza yekha, monga mabanja a Paul Giraud ku Bouteville, Ragnaud-Sabourin ku Ambleville, ndi Jean Fillioux ku Juillac-le-Coq. Onsewa ali mu Grande Champagne, midzi yao ili pafupipafupi, koma olawa apeza kuti mowa wao sufanana.

Alimi otere ndi ochepa. Mwa alimi a mphesa pafupifupi 4,000 a m'deralo, ochuluka agulitsabe vinyo kapena mowa wao kwa amalonda, makamaka Hennessy, Martell, Rémy Martin ndi Courvoisier. Pafupifupi mowa wonse upita kunja kwa France, ndipo msika wakutali ukagwedezeka, monga pamene dziko la China linaika msonkho woonjezera mu 2024, amalonda achepetsa zogula, mlimi natsala ndi migolo yake. Wogulitsa m'dzina lake aliponso ndi katundu wake wolemera: ayenera kulipira migolo, nkhokwe ndi antchito zaka zonse zimene mowa ukukhwima, gawo la angelo likuulukabe, asanalandire ndalama ya botolo loyamba.