Nkhope zathu pa chithunzi: kuchoka pa filimu kufika pa kompyuta

Kale ku Chamama, fodya akangogulitsidwa ku okushoni, wojambula zithunzi sankagona ndi njala. Ankazungulira m'midzi ndi m'maesiteti pa njinga, kamera ili m'khosi. Mlimi ankaima atavala suti yatsopano, wina atakumbatira wailesi, wina atagwira njinga yomwe pulasitiki yake sanachotse n'komwe. Munthu ankapereka theka la ndalama, n'kudikira masabata angapo kuti filimu idzadze ndi kukatsukidwa kutauni.

Tsiku lolandira, chimwemwe chinkasakanikirana ndi kudandaula. Shati ili mbee, koma nkhope ili bii, kungooneka maso ndi mano. Anthu ankanena kuti kameramaniyo ndi wosadziwa ntchito, ena n'kumaloza dzuwa.

Komatu vutoli linachokera kutali. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, kampani ya Kodak inkatumiza kumalo otsukira zithunzi khadi lotchedwa Shirley card, pomwe panali chithunzi cha mayi wachizungu. Otsuka ankachuna makina awo mpaka khungu la mayiyo litaoneka bwino, ndipo zithunzi za anthu ena onse zinkadutsa pa muyezo womwewo. Khadi lokhala ndi amayi a makungu osiyanasiyana, wakuda ali pomwepo, linadzatuluka m'zaka za m'ma 1990. Zaka zonsezo, ife tinkalipira ndalama zathu pa chinthu chomwe sanatiganizire pochipanga.

Kukonza nkhope nako sikunayambe ndi kompyuta. Akatswiri akale ankadetsa negetivu ndi pensulo kuti makwinya asaoneke, ena ankapaka utoto pa chithunzi ndi kaburashi. Mu 1990 kampani ya Adobe inatulutsa pulogalamu ya pa kompyuta yotchedwa Photoshop, yomwe inapangidwa ndi abale awiri, Thomas ndi John Knoll, ndipo ntchito ya tsiku lonse inasanduka ya mphindi zochepa.

Lero mnyamata wa laputopu pamsika ndiye akukonza zithunzi za chinkhoswe, za ukwati ndi zoika pa pulogalamu ya maliro. Wodziwa ntchito amayamba ndi mitundu. Amayang'ana diresi la mkwatibwi: ngati babu la m'holo lalisandutsa lachikasu, amalibweza kuti liyere, ndipo khungu nalo limabwerera m'malo. Kenako amachepetsa mdima wa m'maso, n'kuchotsa kachiphuphu komwe kanatuluka dzulo. Akafika apo amaima. Makampani a mafoni nawo anaphunzira: Tecno inachuna makamera ake poganizira khungu lakuda, ndipo Google inachita chimodzimodzi mu 2021.

Chomwe chimandiwawa n'chakuti zida zitayamba kutiona bwino, ife eni tayamba kudzifufuta. Mkwatibwi wakuda bwinobwino akutuluka woyera ngati wadzola ufa, nkhope yosalala ngati mbale, moti azakhali ake mpaka kufunsa kuti ameneyu ndi mwana wa yani.

Mukapita kukakonzetsa chithunzi cha agogo, muuzeni mnyamatayo achotse madontho a mvula ndi modyedwa ndi chiswe. Koma mphini za m'masaya, makwinya ndi khungu lawo lopsa ndi dzuwa la m'munda wa fodya, azisiye momwe zilili.