Ndime ya Khasu ndi Ndime ya Kompyuta

Pamene a Samuel Konigmacher, mmishonale wa mpingo wa Seventh-day Adventist, adafika ku Matandani m'chaka cha 1908, pakati pa mapiri a Neno amene misewu yake isautsa apaulendo kufikira lero lino, adapeza anthu odziwa kale kugawa ntchito. Pakuti pa dima, mwini munda atafulula mowa naitana anansi, sankalozera alimi munda wonse ayi, koma yense ankampatsa ndime yake, kotero kuti dzuwa lisanapendeke mizere yokhota inali itaoneka ndi kuwongoledwa. M'kupita kwa zaka sukulu ya pamishonipo idatchuka ndi ukalipentala ndi zomangamanga, ndipo kumeneko kudakhazikika nzeru ina, yakuti mmisiri ayambe wajambula nyumba yonse papepala, nawerenga njerwa ndi matabwa, asanakumbe maziko. Nzeru imeneyi njabwino ndithu pa nyumba, popeza khoma silisintha maganizo usiku.

Koma amisiri a mapulogalamu a kompyuta, atatengera mwambo wa omangawo, adalawa zowawa: ankalemba mabuku ochindikala a zofuna za mwini ntchito, nadzitsekera zaka, ndipo pobwera nacho chinthucho ankapeza mwiniyo atayamba kale kufuna china. Nchifukwa chake mu February 2001 amuna 17 adasonkhana ku Snowbird, m'dera la Utah ku America, nagwirizana pa njira imene adaitcha Agile, ndiyo kudula ntchito m'ndime za milungu yowerengeka, kuonetsa mwini wake zimene zatheka, ndi kulandira kudzudzula kwake mosanyinyirika. Tsokonombwe paja adatha mtunda n'kudumpha. Otsata Scrum, limodzi mwa madongosolo a njira ya Agile imeneyi, amakumananso tsiku ndi tsiku mphindi 15 zokha, kawirikawiri ali chilili kuti mlakatuli asatalikitse mawu, mwambo umene ndikadakonda utafika pa misonkhano ina ya kwathu kuno.

Kuno ku Malawi, chaka chomwecho cha 2001, a Gerry Douglas adayamba kuika makompyuta ongokhudza ndi chala pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, kudzera m'bungwe lawo la Baobab. Ku Neno makompyuta a m'chipatala adafika pambuyo pa 2007, pamene a bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo adayamba kugwira ntchito pamodzi ndi Unduna wa Zaumoyo, nasunga mbiri ya olandira ma ARV m'pulogalamu ya OpenMRS, makalaliki akukopera kuchokera m'makadi apepala. Tsono taonani, m'chaka cha 2015 zipatala za bomalo, cha Matandani chili pomwepo, zidayamba kuona pa tsiku limodzi ndi pa malo amodzi anthu a HIV pamodzi ndi odwala shuga, mphumu, khunyu ndi kuthamanga kwa magazi. Ndipo pulogalamu imene idaumbidwira nthenda imodzi idayenera kuphunzira makadi atsopano, odwala ali chikhalire pabenchi kudikira dzina lawo.