Mikhalidwe itatu ya madzi

Mikhalidwe itatu ya madzi ndi mmene madzi amapezekera m'chilengedwe: olimba (madzi oundana), amadzimadzi, ndiponso ngati mpweya (nthunzi). M'mikhalidwe yonseyi chinthucho ndi chimodzimodzi. Molekyu iliyonse ya madzi ili ndi maatomu awiri a haidrojeni ndi atomu imodzi ya okosijeni, n'chifukwa chake amalembedwa kuti H₂O. Chimene chimasintha ndi kayendedwe ka mamolekyuwa ndi kutalikirana kwawo.

Kusintha kwa mikhalidwe

M'madzi oundana mamolekyu amagwirana pamalo amodzi n'kumangonjenjemera. Kutentha kukafika 0°C, madzi oundana amasungunuka ndipo mamolekyu amayamba kuyenda modutsana, motero madzi amatenga maonekedwe a chidebe chimene athiridwamo. Akatenthedwa kwambiri, mamolekyu amatayana n'kukhala nthunzi. Nthunzi yeniyeni sioneka. Kautsi koyera kotuluka m'ketulo ndi timadontho ta madzi timene tapangika nthunziyo itazizira.

Madzi amasanduka nthunzi ngakhale osawira, monga zimachitikira zovala zikayanikidwa. Nthunzi ikakhudza chinthu chozizira imabwerera kukhala madzi, monga mame a m'mawa kapena madontho a kunja kwa botolo lochokera mufiriji.

Madzi amasiyana ndi zinthu zambiri chifukwa amafufuma akaundana, ndi magawo pafupifupi 9 pa 100 alionse. N'chifukwa chake ayezi amayandama, ndipo botolo lagalasi lodzaza madzi limasweka likaundana mufiriji.

Kuwira kwa madzi mu Lilongwe

Pa sikelo imene inayambira kwa Anders Celsius wa ku Sweden mu 1742, mabuku amati madzi amawira pa 100°C. Nambalayi ndi yoona pamalo ofanana ndi pamwamba pa nyanja yamchere. Pamalo okwera mpweya supanikiza kwambiri pamwamba pa madzi, choncho amawira asanatenthe kufika pamenepo.

Mzinda wa Lilongwe uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050 kuchokera pa nyanja yamchere. Madzi a m'poto ku Old Town, ku City Centre kapena ku Area 10 amawira pakati pa 96°C ndi 97°C. Ku Nsanje, komwe ndi kotsika, amawira pafupi ndi 100°C, pamene pansonga ya Sapitwa paphiri la Mulanje, yotalika mamita 3,002, amawira pafupifupi pa 90°C. Madzi akayamba kuwira satenthanso kuposa pamenepo ngakhale munthu asonkhezere moto. Motowo umangofulumizitsa kuphwera kwake.

Kaphunzitsidwe

Ku Malawi mutuwu umaphunzitsidwa m'makalasi akuluakulu a pulayimale ndipo umabwerezedwa mozama ku sekondale. Silabasi imakonzedwa ndi Malawi Institute of Education ku Domasi, ndipo mayeso a Sitandade 8 amayendetsedwa ndi MANEB. Phunziroli limaphunzitsidwa m'Chingerezi, kotero ana ena amaloweza mawu akuti solid, liquid ndi gas osawalumikiza ndi zimene amaona kukhitchini.

Zipangizo zake n'zosavuta kupeza: ayezi, poto, mbaula ndi chivundikiro chozizira zimaonetsa mikhalidwe yonse itatu pa phunziro limodzi. Pamene pali chipangizo choyezera kutentha, ophunzira a mu Lilongwe amapeza nambala yochepera 100 ndipo angaganize kuti chipangizocho chawonongeka. Kusiyanaku ndi mpata wofotokozera kuti kuwira kumadalira kupanikiza kwa mpweya.

Mzindawu ulinso ndi zitsanzo zazikulu. Mvula yogwa ku nkhalango ya Dzalanyama imalowa mumtsinje wa Lilongwe n'kusungidwa m'madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, kumene bungwe la Lilongwe Water Board, lomwe linakhazikitsidwa mu 1947, limadalira. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala madzi ena a m'madamuwa amatha ngati nthunzi. Matalala amene amagwa nthawi zina ndi mvula yamabingu ndi madzi olimba opangika m'mitambo.

Kufunika kwake pa umoyo

Tizilombo toyambitsa kolera ndi matenda ena otsekula m'mimba timafa madzi asanafike pa 96°C. Choncho madzi amene awira mpaka kubwadamuka mu Lilongwe ndi abwino kumwa, bola asungidwe m'chidebe choyera ndi chovundikira. Mfundoyi inali yofunika kwambiri pa mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, pamene boma linachedwetsa kutsegulira sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre kwa masabata awiri mu Januwale 2023. Kuwiritsa kumapha tizilombo koma sikuchotsa mchere kapena mankhwala osungunuka m'madzi. Zimenezi zimatsala m'poto madzi akamaphwera.