Mbiri ya Gumbagumba ndi Amisiri Ake ku Dedza

Kale ku mapiri a Dedza mawu amphamvu anali a ng'oma basi. Zinthu zidayamba kusintha pamene amuna opita ku Joni ndi ku Halale ankabwerako ndi magalamafoni opukusa ndi dzanja. Mudzi wonse unkasonkhana kudzaona bokosi loimba lopanda pakamwa.

M'chaka cha 1949 ku Northern Rhodesia kudafika wailesi yotchipa yotchedwa Saucepan Special, yopangidwa ndi kampani ya Ever Ready. Inkagulidwa mapaundi asanu, ndipo anthu a ku Nyasaland ankamverapo Chinyanja choulutsidwa kuchokera ku Lusaka. Wailesi za nthaŵi imeneyo zinali ndi mavavu, timababu tagalasi tokuza mawu, tomwe tinkatentha ndi kudya batire msanga.

Tiranzisita, yomwe idatulukiridwa ku America mu 1947, idachepetsa vutoli chifukwa siifuna moto wambiri. Nyumba ya mphepo ya MBC itakhazikitsidwa mu 1964, wailesi za Nzeru zolumikizidwa ku Blantyre zidafala m'midzi. Kuchokera ku Bulawayo kudabweranso zoimbira za Supersonic. Gumbagumba, choimbira mbale chokhala ndi ampulifaya ndi zokuzira mawu, idasanduka mfumu ya paukwati ndi pamoŵa wamasese.

Koma chuma chimenechi sichinkachedwa kudwala. Chifunga cha ku Dedza chinkachititsa dzimbiri, fumbi linkaloŵa m'zokwezera mawu n'kumalira tholotholo, ndipo makapasita okalamba ankauma mpaka nyimbo kumangong'ung'udza. Mu 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown n'kupha Amalaŵi oposa 70, ndipo boma lidaimitsa ulendo wa kumigodi. Njira imodzi yobweretsera zoimbira zatsopano idatsekeka, motero zakale zidayenera kusamalidwa.

Apa mpomwe padaonekera luso la amisiri a pakhonde la sitolo m'malo monga Linthipe, Lobi ndi pa boma. Posoŵa magetsi, mmisiri ankatenthetsa chitsulo chake pambaula kuti asungunulire mtovu wolumikizira mawaya. Wailesi yakufa sinkatayidwa, pakuti ziŵalo zake zinkachiritsa inzake. Ena ankasintha ampulifaya kuti iziyendera batire ya galimoto ya mavoti 12, enanso ankaika sipika pakamwa pa mtsuko kuti mawu azigunda ngati mpanje.

Makaseti adagonjetsa mbale, nawonso adagonja kwa ma CD ndi mafoni. Zipangizo zambiri za masiku ano zikafa zimangotayidwa, ndipo amisiri akale akutha limodzi ndi nzeru zawo. Akuluakulu adati mawu a akulu akoma akagonera. Tsono inu ophunzira, mukapeza gumbagumba yafumbi kuseri kwa nkhokwe, musathamangire kuitaya kudzala. Funsani agogo za amene adaigula, kumene adaitenga, ndi mmisiri amene adaiukitsa kangapo konse. Mayankho awo ndi mbiri ya dziko lathu.