Mlowe: Maboma Asintha, Ufumu Ukadalipo

Mlowe ali pagombe la Rumphi, pomwe mtsinje wa South Rukuru umathira m'nyanja. Mbiri ya makolo imati ufumu wa Mwamlowe unachokera kwa Balowoka, amalonda a minyanga amene anawoloka nyanja kuchokera kum'mawa.

Angerezi atayamba kulamulira mu 1891, mphamvu za mafumu zinachepa. Lamulo la 1912 linawasandutsa othandiza boma potolera msonkho, ndipo la 1933 linawapatsa makhothi awoawo. Dziko litalandira ufulu mu 1964, lamulo la 1967 linapatsa Pulezidenti mphamvu yovomereza kapena kuchotsa mfumu. Lamulo la 1998 linaika mafumu m'khonsolo ya boma, koma opanda voti.

Komabe mpaka lero, anthu a ku Mlowe akakangana pa malo, mlandu umayambira pabwalo la mfumu.