Tiyeni Tiyende Wapansi: Mbiri ya Limbuli Ili Mumsewu Momwemu

Anzanga a kalabu, ndiyambire kutali pang'ono. Ku Mexico, m'mizinda yakale ngati Oaxaca ndi Puebla, alendo amasonkhana pabwalo la pakati pa tauni, wina wa komweko n'kuwatsogolera wapansi maola awiri kapena atatu, akuwafotokozera za nyumba, matchalitchi ndi nkhondo zakale. Palibe tikiti. Pamapeto aliyense amamupatsa kangachepe malinga ndi momwe wakhutira. Ndiye funso langa ndi ili: mlendo atatsika minibasi pa Limbuli pano n'kunena kuti "aise, ndiyendetse, undiuze za kuno," inuyo mungamuuze chiyani? Kuti chinanazi n'chotchipa basi?

Tiyeni tiyese. Valani nsapato.

Tiyambire pamsika. Imani kaye mumvetsere: Chichewa, Chilomwe, Chiyao, apo ndi apo mawu a Chipwitikizi. Onani njinga zomwe zikubwera kuchokera ku Milange zitasenza matumba a chimanga, nyemba ndi nandolo. Ife timaziona ngati zatsiku ndi tsiku, koma njira imeneyi ndi yakale kuposa malire enieniwo. Azungu asanafike, amalonda a minyanga ndi akapolo ankadutsa m'mphepete mwa phiri la Mulanje kupita kugombe la nyanja ku Quelimane. Mafumu a Chiyao monga Matipwiri ndi Mkanda anali ndi mphamvu pa njira zimenezi. N'chifukwa chake Angerezi atalanda dziko lino mu 1891 anathamangira kumanga malinga awiri kuno: Fort Lister mu 1893, pampata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi, ndi Fort Anderson, dzina lomwe boma la Mulanje linkadziwika nalo kwa zaka zambiri. Matipwiri anagonjetsedwa mu 1895.

Tsopano tilowere chaku Muloza. Mukafika pafupi ndi chipata, foni ibwerere m'thumba, pamalire sajambula chisawawa. Mtsinje mukuuonawo agogo a agogo athu ankangowoloka ngati mtsinje wina uliwonse. Unasanduka malire chifukwa cha mkangano wa Angerezi ndi Apwitikizi. Mu 1889 msilikali wa Chipwitikizi, Serpa Pinto, anamenyana ndi Amakololo kuchigwa cha Shire, chaku Ruo. Mu January 1890 boma la ku London linaopseza Portugal kuti ichotse asilikali ake, ndipo mu June 1891 mayiko awiriwo anasainirana pangano logawana dziko. Ruo analowa m'panganolo ngati mzere. Palibe amene anafunsa mfumu ya kuno ngakhale imodzi. Ndiye mukamadabwa kuti bwanji amalume anu ali ndi munda tsidya lija pomwe manda a kwanu ali tsidya lino, yankho lili pa pepala la 1891.

Apa mpamene nkhani imandikhudza kwambiri, ndipo ndikufuna tichedwepo. Chewukani muone minda ya tiyi, yobiriwira ngati wina waisita. Tiyi anayamba kuyesedwa pa Mishoni ya Blantyre mu 1878. Mu 1891 Henry Brown, yemwe kale ankalima khofi ku Ceylon, anabzala tiyi pa Thornwood kuno ku Mulanje, ndipo Lauderdale nayo inayamba nthawi yomweyo. Khofi atakanika, tiyi anatenga malo, mpaka Mulanje anakhala malo oyamba mu Africa muno kulima tiyi wa malonda n'kupitirira nazo. Mabuku a alendo amathera pamenepo. Koma ndani anagwetsa nkhalango, ndani anakumba zitsa, ndani anathyola masamba mvula ili pamsana?

Ambiri anali Alomwe. Kuyambira cha m'ma 1890 anawoloka ochuluka kuchokera ku Mozambique, kuthawa msonkho, chikoti ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Atafika kuno anapeza malo abwino ali kale m'manja mwa azungu a maesiteti. Kuti munthu amange kanyumba ndi kulima kamunda, ankayenera kugwira thangata, kutanthauza kugwirira mwini esiteti ntchito ngati lendi, makamaka nthawi ya dzinja pomwe munda wake womwe ukumufuna. Mawu akuti thangata poyamba anali abwino, kuthandizana pa ntchito. Atsamunda anawapotoza mpaka anasanduka mawu owawa. Anthuwo ankatchedwanso "Anguru," dzina lomwe ambiri ankalimva ngati chipongwe, ndipo ena anasiya kulankhula Chilomwe pagulu chifukwa cha manyazi. Ena a inu agogo anu amamva Chilomwe koma inu simutha ngakhale moni, eti? Zinayambira kumeneko. Thangata ndi chimodzi mwa zomwe zinamuwawa John Chilembwe mpaka kuukira mu January 1915, ndipo iye anaphedwa pa 3 February chaka chomwecho, akuthawira kumalire a Mozambique.

Kusowa kwa malo komwe timadandaula lero, banja lonse pa kamunda kosakwana ekala, si tsoka lochoka kumwamba ayi. Kuli ndi chiyambi chake, ndipo mlendo ayenera kuchimva ataima pompo pakati pa tiyi ndi mudzi.

Malire omwewo anadzawolokedwanso ndi misozi nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo. Mu 1986 Renamo italanda Milange, anthu anakhamukira ku Muloza, ena atangonyamula mwana ndi poto. Malawi yense anasunga othawa nkhondo pafupifupi 1 miliyoni mpaka mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 October 1992. Izi sizofuna buku. Amayi ndi abambo omwe anaona zimenezi ali moyo, ena akugulitsa nawo mumsikamo. Freddy wa mu March 2023 munamuona nokha momwe anasakazira dera la a T/A Njema. Nayenso ndi mbiri tsopano, ndipo mboni zake ndi inuyo.

Za phiri sindinena zambiri, likudzionetsa lokha: Sapitwa mamita 3,002, mkungudza wosapezeka kwina mwachilengedwe, ndipo mu July 2025 UNESCO inaliika pa mndandanda wa malo ofunika a dziko lonse. Alendo achuluka. Anzathu aku Likhubula akhala akudya za phirili kwa zaka monga operekeza ndi onyamula katundu, pomwe ife odutsa pa Muloza timangowaona pawindo la galimoto.

Njira ya kangachepe ija ili ndi vuto lake, tisanamizane. Wina mudzamuyendetsa maola awiri n'kungokupatsani "zikomo" wouma. Koma siifuna ofesi kapena mpamba, ndipo imamukakamiza woperekeza kudziwa zoona, osangopeka. Ganizo langa ndi lakuti tiyambe ndi ife tomwe. Aliyense akhale pansi ndi agogo mmodzi sabata ino, apemphe chilolezo, awajambule mawu pa foni: anabadwira kuti, makolo awo anawolokera pati, anagwira esiteti iti, kapitawo ankawalipira bwanji. Tikatero tikaonekere kwa amfumu, kenako Loweruka lina tidzayende tonse kuchoka pamsika mpaka kumtsinje. Amene agogo ake anawoloka mu 1986 atsogole ndi iyeyo.